Mfuti zakale za 303 si zofanana

Kuno ku Dedza ambiri timangoti 303, koma mfuti zakalezi n'zosiyana. Lee-Enfield ya mu 1907 ili ndi kachitsulo kolunjikira pakati pa mpope, ndipo thabwa lake limafika mpaka kukamwa. Pa No. 4, ya mu 1941, kachitsuloko kali kumbuyo, pafupi ndi diso. Zonse zimalowa zipolopolo 10. Alenje ena ankadula thabwalo kuti mfuti ipepuke.

Ophunzira anga ndimawauza kuti zoterezi ndi zomwe ananyamula agogo athu a KAR ku nkhondo. Koma ngati muli nayo yopanda chiphaso, musaibise kudenga kapena kuigulitsa kwa opha nyama mozembera. Kaiperekeni kupolisi. Mpope wadzimbiri ungaphulikire mwini wake.