Kuwala kokhota: momwe madokotala amafikira chotupa pansi pa ubongo

Pansi pa chigaza pali timabowo momwe mumadutsa mitsempha yochokera ku ubongo, 12 kumanja ndi 12 kumanzere. Ndi yomwe imatithandiza kuona, kumva, kununkhiza komanso kugwedeza nkhope. Nthawi zina maselo okuta mtsempha amachulukana n'kupanga chotupa chotchedwa schwannoma. Kawirikawiri si khansa ndipo chimakula pang'onopang'ono, koma malo akewo ndi opanikizika. Chikamera pa mtsempha wa khutu, munthu amayamba kugontha khutu limodzi, kumva phokoso m'khutumo komanso kudzandira poyenda.

Kale, kuti achichotse, ankayenera kutsegula mbali yaikulu ya chigaza. Masiku ano zotupa zina amazifikira kudzera m'mphuno kapena pa kabowo kakang'ono kuseri kwa khutu. Chida chake ndi endoscope, kachubu kopyapyala ngati kamtengo ka mswachi, kotambalala mamilimita pafupifupi 4.

Nanga m'mutu muli mdima, dokotala amaona bwanji? Apa ndiye pali Physics yathu ija. Kuwala kukamachoka m'galasi kupita mu mpweya kumakhota. Koma kukagunda m'mphepete mwa galasilo pa angle yoposa madigiri pafupifupi 42, sikutulukanso ayi, konse kumabwerera mkati. Imeneyi ndiye total internal reflection. Mu optical fibre, ulusi wa galasi umakutidwa ndi galasi lina la refractive index yotsikirapo, choncho kuwala kumangonjanja mkatimo mpaka kukatulukira kunsonga, ngakhale ulusiwo utapindika. Mu 1954, Harold Hopkins ndi Narinder Kapany ku London anaonetsa kuti mtolo wa maulusi otere utha kunyamula chithunzi. Kenako Hopkins anapanga ma lens aatali ngati timitengo, omwe amabweretsa chithunzi chowala ku kamera. Dokotala amagwira ntchito akuyang'ana pa sikirini.

Ubwino wake ndi woti bala limachepa, ubongo sukankhidwa kwambiri, ndipo odwala ambiri sakhalitsa m'chipatala. Komabe si chotupa chilichonse chomwe chingachotsedwe motere, ndipo ngozi yovulaza mtsempha kapena kudontha kwa madzi a mu ubongo imakhalapobe.

Musaganize kuti zonsezi n'zakunja kokha. Mukakwera minibasi pa Maselema n'kutsika pa Queens, mwafika pomwe Dr Patrick Kamalo ndi anzake amagwiritsa ntchito endoscope pothandiza ana a hydrocephalus, matenda otupitsa mutu chifukwa madzi akulephera kuyenda. Amaboola kanjira mkati mwa ubongo kuti madziwo azidutsa, opaleshoni yotchedwa ETV.

Ndiye m'bale wanu akamadandaula khutu limodzi kwa miyezi, kapena mutu wa khanda ukamakula mofulumira, musathamangire kunena kuti alodzedwa. Auzeni makolo apite naye kuchipatala msanga. Ndipo funso la critical angle likadzabwera pa mayeso, mudzakhala mukudziwa kale ntchito yake.