DENGU LOPHIKA POPANDA MOTO: NYEMBA ZIBWERERE PAMBALE YA MWANA

Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama ndi ndiwo zimene banja la kumudzi lingathe kudzilimira lokha, ndipo muli chakudya chomanga thupi chimene ena amachifuna mu nyama ndi nsomba pamtengo wokwera. Komabe m'makomo ambiri nyemba zimatha sabata yathunthu osaphikidwa, ngakhale zili m'thumba m'nyumba momwemo. Mukafunsa amayi kusikelo ya ana, yankho lawo limakhala limodzi: nyemba zimadya nkhuni. Mphika wa nyemba zouma umakhala pamafuwa maola awiri kapena atatu, pamene nkhuni zikutoledwa kutali ndipo makala akwera mtengo. Motero mwana amadyera nsima masamba okhaokha tsiku ndi tsiku.

Zotsatira zake timaziona pa makadi a sikelo. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Zifukwa zake n'zambiri, koma china mwa izo ndi kusowa kwa zakudya zakasinthasintha. Unduna wa Zaumoyo umatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Gulu la zanyemba lisamasowe pambale chifukwa cha nkhuni, pakuti pali njira yophikira nyemba ndi moto wa theka la ola lokha.

Nzeru yake ndi yakale

Chakudya chimapsa ndi kutentha kokhala mumphika. Mphika ukawira, ntchito yotsala ya moto ndi kubwezera kutentha kumene kukuthawira mumphepo. Tsono mphika wowira ukafunditsidwa bwino mbali zonse, kutenthako kumakhalitsa, ndipo chakudya chimapitiriza kupsa pang'onopang'ono moto utazimitsidwa kale.

Anthu a ku Ulaya ankaika mphika m'bokosi lodzaza udzu wouma, ndipo njirayi inawathandiza pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse pamene malasha ankasowa. Ku America kampani ya Rival inayamba kugulitsa poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono wotchedwa Crock-Pot mu 1971. Ku South Africa mayi Sarah Collins anayambitsa thumba lofunditsira mapoto lotchedwa Wonderbag mu 2008, pamene magetsi ankazimazima m'dzikomo. Ife a kumudzi, kumene nyumba zambiri zilibe magetsi, tingathe kupanga chathu ndi dengu wamba popanda kulowa m'sitolo.

Kakonzedwe ka dengu

Pezani dengu lakuya, lalikulu kuposa poto wanu, kotero kuti pakati pa poto ndi dengu patsale mpata wokwana chikhato mbali zonse. Pezaninso zinthu zouma bwino zosunga kutentha: udzu wofewa, masamba ouma a nthochi, makoko a chimanga ong'ambang'amba, mankhusu a mpunga, thonje, utuchi kapena zigamba za nsalu zochapa.

Yalani zinthuzi pansi pa dengu ndi kuzitsendereza mpaka zikwane chikhato kuchindikala. Kutani potoyo ndi nsalu yakale yoyera, muikeni pakati, ndipo tsenderezani zinthu zina m'mbali mwake monse. Mukachotsa poto patsala chisa chofanana naye. Sokererani nsaluyo kumlomo kwa dengu kuti udzu usamagwere m'chakudya. Pomaliza sokani kamtsamiro konenepa kokwana pakamwa pa dengu, chifukwa kutentha kwambiri kumathawira pamwamba. Musagwiritse ntchito mapepala a pulasitiki, pakuti amasungunuka akakhudzana ndi poto wotentha.

Kaphikidwe kake

Sankhani nyemba madzulo, muzitsuke ndi kuziviika m'madzi oyera usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, thirani ena atsopano opitirira nyembazo pang'ono, ndipo tereka poto pamoto wamphamvu. Zikayamba kubwadamuka, werengani mphindi 20 mpaka 30 zikuwira. Thiranimo tomato, anyezi ndi mchere zikadali pamoto, vundikirani, ndipo ziwirenso pang'ono. Kenaka phulani msanga, onetsetsani kuti kunsi kwa poto sikunamatire khala lamoto, muikeni m'chisa chija ndi kutseka ndi kamtsamiro. Pakapita maola atatu kapena anayi nyembazo zidzakhala zitafewa. Mayi angathe kupita kumunda, kumsika kapena kusikelo, n'kudzapeza ndiwo zapsa.

Zakudya zina zimachedwa mosiyana. Mpunga uwire mphindi 5, ndipo ukhale m'dengu pafupifupi mphindi 45. Mbatata ndi maungu ziwire mphindi 10, zikhale m'dengu ola limodzi. Nyama yoduladula tizidutswa ting'onoting'ono iwire mphindi 20 kapena kuposerapo, ikhale m'dengu maola awiri kapena atatu. Nyama yolimba yotsika mtengo ndi nkhuku yokalamba zimafewa bwino mwa njirayi. Mphale woviika wosakaniza ndi nyemba ndi nsinjiro ndi chakudya chokwanira banja lonse. Okhala kumalo okwera monga Dedza aonjezereko mphindi zingapo pamoto, popeza kumapiri madzi amawira asanatenthe kwambiri ngati kuchigwa.

Poto akhale wodzaza pafupifupi kukamwa, chifukwa chakudya chochepa chimazizira msanga. Chivundikiro chikhale chothina. Thirani madzi ocheperapo kusiyana ndi masiku onse, pakuti m'dengu madzi saphwa. Ndipo musamatsegule kuti muone ngati zapsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatsegula kamodzi kokha, kutentha kochuluka kwatuluka.

Dengu siliphika nsima, chifukwa nsima imafuna mthiko ndi moto. Masamba monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani aziphikidwa mphindi zochepa pamoto kuti mavitamini asaonongeke. Chinangwa chowawa chisalowe m'dengu. Poizoni wake amachoka ndi kusenda, kuviika ndi kuyanika.

Malamulo awiri osayenera kuphwanyidwa

Lamulo loyamba: nyemba ziwire kwenikweni zisanalowe m'dengu. Mu nyemba zosapsa, makamaka zofiira, muli poizoni wachilengedwe amene amatha pokhapokha nyembazo zikabwadamuka pamoto kwa mphindi zosachepera 10. Kuzifunditsa chabe sikumuchotsa. Nyemba zinayi kapena zisanu zosapsa n'zokwanira kusanzitsa munthu ndi kumutsegula m'mimba pasanathe maola atatu. Ku Britain m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anthu anadwala motere atadya nyemba zofiira zosawiritsa mokwanira. Abale athu a m'tauni amene ali ndi poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono asungenso lamuloli: awiritse nyemba pamoto kaye.

Lamulo lachiwiri: chakudya chisazizirire m'dengu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaphunzitsa kuti tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga m'chakudya chimene kutentha kwake kuli pakati pa madigiri 5 ndi 60. Tina mwa tizilomboti timasiya mbewu zolimba zimene sizifa ndi kuwira, ndipo zimadzuka chakudya chikangoti fundee, makamaka mumpunga ndi msuzi wa nyama. Kumudzi tilibe choyezera kutentha, koma tili ndi maso ndi manja. Potsegula, nthunzi ituluke yambiri ndipo poto akhale wosagwirika ndi dzanja. Ngati mungathe kumugwira osapsa, kapena ngati wakhala m'dengu maola opitirira anayi, mubwezereni pamoto awirenso mpaka pakati penipeni musanapakule. Chakudya chimene chagona m'dengu usiku wonse n'kuzizira musachipereke kwa mwana, mayi woyembekezera kapena wodwala, ngakhale chisakununkha. Fungo silisonyeza tizilombo.

Dengu lenilenilo lisamalidwe ngati mbale. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya. Msuzi ukatayikira pansalu, ichapeni tsiku lomwelo. Yanikani dengu ndi kamtsamiro padzuwa kawirikawiri, pakuti udzu wonyowa susunga kutentha ndiponso umachita nkhungu. Liikeni pamalo okwera pang'ono ndi okhazikika, kutali ndi makoswe, mphemvu, ziweto ndi ana okwawa.

Phindu lake pabanja

Nkhuni zimene zikanathera mphika umodzi wa nyemba zingathe kuphika masiku angapo, ndipo ndalama ya makala ingagule sopo, mafuta ophikira kapena kope la mwana wa sukulu. Mukaphatikiza dengu ndi chitetezo mbaula, mtolo umodzi umakhalitsa koposa. Sipafunikanso soda wofewetsera nyemba, amene amaononga vitamini B1.

Phindu lina lili m'chifuwa. WHO inayerekeza kuti utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse mu 2020, ndipo pakati pawo panali ana ambiri osakwana zaka zisanu. Mwana wobereka kumsana amapuma utsi womwewo umene mayi ake akupuma, ndipo utsiwo umatsegulira njira chibayo. Maola awiri ochotsedwa pamoto ndi maola awiri amene mwanayo wapuma mpweya wabwino. Ngozi za ana ogwera pamoto nazonso zimachepa pamene moto sukhala tsiku lonse.

Abambo, ntchito iyi si ya amayi okha. Kuluka dengu, kumweta udzu ndi kusunga gawo la nyemba pokolola m'malo mogulitsa zonse ndi mbali yanu. Amayi, mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi, potani nyemba zofewa bwino n'kuzisakaniza m'phala lake, kwinaku mukupitiriza kuyamwitsa.

Yambani ndi mpunga kapena mbatata kuti mulizolowere dengu lanu, kenaka muyese nyemba. Mukabwera kusikelo mwezi wamawa, kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu za mmene zayendera, ndipo muphunzitseko anzanu a pamudzi. Mwana akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, mupatseni thanzi ORS ndi kufulumira naye kuchipatala.