Chithunzi cha pakhoma chikuthandiza ana kumva za m'kalasi

ULÓNGUÈ, Angónia – Mwana wa m'midzi ya Angónia, Tsangano ndi Macanga amakula akuyankhula Chichewa. Akafika kusukulu amapeza kuti maphunziro ambiri ali m'Chipwitikizi. Aphunzitsi akati "ciclo da água", iye amabwereza mokweza ndithu, koma osamva kanthu. Aphunzitsi omwewo akajambula mtambo pamwamba pa phiri la Dómuè, madontho akugwa, mtsinje ukutsika, ndi muvi woloza kumwamba pamene dzuwa laomba, mwana amazindikira kuti nkhani yake ndi ya mvula imene amaidziwa kale. Mawu a Chipwitikizi aja apeza pokhala.

Chithunzi chophunzitsira chimaika pa pepala limodzi zojambula, manambala ndi mawu ochepa. Makolo a m'malire muno si alendo pa zimenezi. Nkhondo itatha mu 1992, anthu pobwerera kuchokera ku Malawi anapeza minda ndi njira zili ndi mabomba okwirira. Chikwangwani chofiira chokhala ndi chigaza chinamveka kwa wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Mu 2015 boma linalengeza kuti ntchito yochotsa mabombawo yatha.

Kuyambira 1993 mpaka 1997, ntchito ya PEBIMO inayesa kuphunzitsa ana ena a ku Tete m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi pamodzi, ndipo mu 2003 boma linayamba kukhazikitsa njirayi m'sukulu zina. Koma si mwana aliyense amene amagwira buku lakelake. Apa ndi pamene chithunzi chimodzi chachikulu chimatumikira kalasi yonse. Sichifuna ndalama zambiri: katoni yakale, makala ndi choko zakwana.

Chithunzi cha mvula n'chosavuta. Pansi alembapo miyezi 12, kuchokera Janeiro mpaka Dezembro. Pamwamba pa mwezi uliwonse ajambulapo mzati, wautali pa mwezi wa mvula yambiri, waufupi pa mwezi wa chilimwe. M'munsi ana eni ake ajambula khasu, mbewu, chimanga chachiwisi ndi nkhokwe, chilichonse pa mwezi wake. Akamaliza amaona ndi maso kuti miyezi ya mizati yaitali ndi yomweyo imene ufa umasowa m'nyumba. Pa pepala limodzilo aphunzira miyezi m'Chipwitikizi, kuwerengera ndi ulimi.

Komatu chithunzi nacho chimanamiza. Muvi, kwa mwana amene sanauzidwe, ndi wosakira mbalame basi. Ntchentche ikajambulidwa yaikulu ngati nkhuku kuti miyendo yake ioneke, mwana atha kunena kuti kwawo kulibe zotere. Chithunzi chosonyeza mpopi wa m'nyumba sichiuza kanthu mwana amene amatunga pachitsime. N'chifukwa chake aphunzitsi ochenjera asanafotokoze amayamba afunsa ana zimene akuona. Kungochikhoma pakhoma mpaka chiswe chichidye n'kutaya katoni.

Makolo nawo apindula ana akakopera zithunzizi m'makope. Kolera itavuta m'chigawo cha Tete mu 2023, zinaoneka kuti banja lililonse liyenera kudziwa madzi obwezera mphamvu wotsegula m'mimba. Chithunzi chake n'chachifupi: botolo la lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Agogo osadziwa kuwerenga atha kuwerenga masupuniwo ndi chala, n'kumamwetsa wodwala ali pa ulendo wopita kuchipatala.