Kusankha Matayala a Njinga ku Dowa ndi Ntchisi

Alimi, ochita malonda ndi akabaza m'maboma a Dowa ndi Ntchisi azisankha matayala molingana ndi njira zimene amayendamo.

Tayala losalala limathamanga pa phula, monga mumsewu wa M1 pa Mponela, koma limaterera m'matope ndi potsika zitunda. La mano akuluakulu limagwira nthaka, koma limalemetsa kupalasa pa phula. Choncho oyenda monsemo agule losalalirako pakati, la mano m'mbali.

Pogula, onani nambala yolembedwa pa tayala lakale, kaya 26 kapena 28. Mukanyamula matumba a chimanga kapena soya, popani mokwanira kuti chubu chisabooke pamiyala. Tayala lotha mano lisinthidwe mvula isanayambe mu Novembala.