Mabala a mumtima nawonso amafuna chithandizo

Kuyambira mu 2004, pamene boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere, maliro obwera chifukwa cha Edzi achepa kwambiri kuno ku Mzimba. Koma amene tinaona zaka za m'ma 1990 tikukumbukira momwe zinthu zinalili. Ana ankadwazika makolo awo, kuwasambitsa, kenako n'kuwaona akumwalira. Ana amenewo lero ndi abambo ndi amayi. Anapatsidwa phala, mabulangete ndi yunifolomu, ndipo zinali zofunika, koma ndi ochepa amene anafunsidwapo kuti, "Kodi mumtima mwako muli bwanji?" Ena sanauzidwe n'komwe chimene chinapha makolo awo.

Chinthu choopsa chikamuchitikira munthu, chimatha kusiya bala losaoneka ndi maso. Imfa ndi chimodzi chabe. Palinso kugwiriridwa ndi kumenyedwa m'banja. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu, ndiponso mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwa nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Kuno kwathu palinso nkhani ya ku Joni, kumene abale athu ambiri amapita kukafuna ntchito. Mu May 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo ku South Africa, ndipo mu April 2015 boma linatumiza mabasi kukatenga Amalawi othawa chiwawa china. Amene anabwerako tinawafunsa za katundu amene anasiya. Za zimene anaona ndi maso awo, tinangoti mwamuna salira.

Anthu ambiri amachira pakapita nthawi, makamaka akakhala ndi abale owamvetsa. Koma kwa ena thupi limakhalabe tcheru ngati kuti ngoziyo sinathe. Munthu amalota zoopsa, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amapsa mtima pa zazing'ono, ndipo amapewa malo kapena anthu omukumbutsa zakale. Ena amangodandaula za mutu, kugunda kwa mtima ndi kusowa tulo, koma akayezedwa malungo sapezeka.

Kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV vutoli ndi lalikulu. Kumwa mankhwala tsiku lililonse kumafuna munthu amene akuona kuti moyo wake ndi wofunika. Mayi amene anatenga kachilombo chifukwa chogwiriridwa, botolo la mankhwala limatha kumukumbutsa tsikulo m'mawa uliwonse. Bambo amene amamwa kachasu kuti apeze tulo amaiwala tsiku lopita kuchipatala. Akadumphitsa mankhwala, tizilombo timachulukanso m'magazi, chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo mankhwalawo amatha kusiya kugwira ntchito. Timafulumira kunena kuti athawa mankhwala. Ife tikuona kuti kuwakalipira popanda kufunsa chimene chikuwasautsa n'kuwathamangitsa kachiwiri.

Makolo athu ankadziwa kuti mtima umadwala. Pa vimbuza, gule wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, wovutika amavina pakati pa anthu, amayi akuimba ndi kuomba m'manja, ndipo ululu wake umaonekera kwa mudzi wonse popanda kumudzudzula. Akhristu ena sagwirizana ndi guleyu, ndipo ng'oma singalowe m'malo mwa ma ARV. Komabe nzeru yakuti wovutika asasiyidwe yekha ndi yomweyo imene uphungu wayimapo.

Uphunguwu si wofanana ndi wa mphindi zochepa umene timalandira poyezetsa magazi. Phungu amakumana ndi munthu kangapo, mwachinsinsi. Sakakamiza kuti afotokoze zonse tsiku loyamba. Amayamba ndi kumuthandiza kukhazika thupi pansi, monga kupuma pang'onopang'ono mantha akabwera. Kenako munthu amafotokoza nkhani yake pang'ono ndi pang'ono, mpaka imakhala chinthu chimene chinachitika kale, osati chimene chikuchitikabe. Amaunikanso pamodzi maganizo odziimba mlandu, monga akuti "ndinazifuna ndekha."

Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumakambirana ndi anthu oganiza kwambiri, njira imene imatchedwa Friendship Bench. Pa kafukufuku wa anthu 573 amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, patatha miyezi isanu ndi umodzi anthu 14 pa 100 alionse amene anakhala pa benchi anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pomwe mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse anali 50. Njirayi yayesedwanso ku Lilongwe. Imathandiza pa nkhawa ndi kukhumudwa, koma bala lozama limafuna katswiri.

Poyambira ndi pamene mumalandirira mankhwala, kaya ndi pa chipatala cha boma cha Mzimba, cha mishoni ku Embangweni kapena ku Jenda. Uzani namwino kuti vuto lanu lili m'maganizo, ndipo pemphani kuonana ndi wodziwa za matenda amenewa. Ku Mzuzu kuli a St John of God, amene anafika mu 1993 ndipo amathandiza odwala maganizo komanso kuphunzitsa aphungu. Amene wagwiriridwa apite kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku kachilombo. Ndipo m'bale akayamba kulankhula zodzipha, musamusiye yekha. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.