Nkhokwe ndi khola m'kati mwa kompyuta

Tsiku lina mlembi wa parishi ina kuno ku Petauke anandipeza nkhope ili khuma. Maina a ana a ubatizo, amene anabwera pa fulashi kucokera ku Nyimba, anali atasowa m'kompyuta. Iye anati nchito ya miyezi itatu yalowa m'madzi.

Komatu mainawo sanatayike ai. Kompyuta ya Windows ili ngati mudzi: ili ndi nkhokwe, ilinso ndi khola. Ikamatenga pa intaneti zokonzera mapulogramu ake, imaziunjika m'foda yochedwa SoftwareDistribution, m'kati mwa foda ya Windows. Imeneyo ndiyo nkhokwe. Zakale zikadya malo, zisesedwe ndi Disk Cleanup, osati ndi dzanja la munthu wongoyerekeza.

Khola nalo ndi la mlonda, Microsoft Defender. Monga timapatulira nkhumba poopa cigodola, mlondayu akaikayikira failo amaitsekera m'foda yochedwa Quarantine, pansi pa ProgramData, kuti isapatsire zinzake. Tinatsegula Windows Security, kenaka Protection history, ndipo failo ija tinaipeza momwemo. Sitinafulumire kuimasula. Tinayamba taitana wodziwa makina, amene anapeza kuti inalidi ndi kacirombo, napulumutsa maina onse.

Dziwaninso kuti pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inathetsa cisamaliro ca masiku onse ca Windows 10, imene makina akale ambiri amayendera. Cotero, alembi athu, buku la ubatizo lolembedwa pamanja musalitaye. Mwana wobatizidwa lero adzafuna umboni wake pa tsiku la ukwati.