Njinga ya injekita ikakana kulira, yambani mwatchera khutu

Njinga zamoto zambiri za kabaza ndi za kabureta, ndipo amakaniko athu amatha kuzimasula ngakhale mumdima. Koma zayamba kuoneka zina zimene pampu ya m'thanki imatumiza petulo ku injekita, molamulidwa ndi kakompyuta kotchedwa ECU. Ku India, kwawo kwa Bajaj ndi TVS, zoterezi zidachuluka lamulo lochepetsa utsi la BS6 litayamba mu Epulo 2020.

Njinga yotere ikakana kulira m'mawa, mwini wake amaluza kawiri: ndalama ya tsikulo, ndi ya zipangizo zimene makaniko amasintha mongolota.

Musanagwire sipanala, tembenuzani kiyi ndipo mvetserani. Pampu imayenera kung'ung'uza m'thanki kwa masekondi awiri kapena atatu. Kukakhala zii, onani kabatani kofiira kozimitsira injini, fyuzi ndi mawaya opita ku pampu. Njinga zina zimakananso ngati sitandi ili pansi giya ili yolowa.

Kenako batire. Apa m'pamene ambiri amanamizika, poti nyali ikayaka amati batire lili bwino. Ya kabureta umaiponda kiki n'kulira ngakhale batire litafooka, koma iyi pampu, injekita ndi ECU zonse zimadya magetsi. Batire labwino limaonetsa 12.6V pa mita injini ili yozima. Likamatsika pansi pa 10V posindikiza sitata, latopa. Injini ikamalira, mita ionetse pakati pa 13.5V ndi 14.5V, kupanda apo batire silikutchajidwa, ndipo latsopanolo lifanso. Mitu ya batire yolefuka kapena ya dzimbiri imachita zomwezo.

Tsono petulo wa m'zigubu. Timabowo ta injekita n'tating'ono zedi, moti kadothi kochepa kamatseka. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka madzi akakhalitsa. Ndipo chizolowezi chothira wa ulendo umodzi wokha chimapha pampu, chifukwa petulo wa m'thankiyo ndiye amaiziziritsa.

Nanga ikalira koma n'kumazima mukangoleka moto? Kawirikawiri ndi fumbi. Fyuluta ya mpweya yatseka, kapena mwaye wamata mu throttle body, m'kanjira kamene mpweya umadutsa njinga ikaima. Ikamalira mokwera n'kutsika yokha, yang'anani mphira yolumikiza throttle body ku injini ngati yang'ambika. Pulagi yakuda ndi mavavu othina nazo zimavutitsa. Chonde musapotokoze kasikuluu ka throttle ngati mmene timachitira ndi kabureta. Kadaikidwa ku fakitale, ndipo mukakasuntha ECU imasokonezeka.

Kanyali ka FI kapena kojambulidwa injini kakamaphethira, werengani kuti kakuphethira kangati. Pa njinga zambiri nambala imeneyo imaloza sensa kapena waya wolakwika, ndipo tanthauzo lake lili m'buku la okonza njinga ya mtunduwo. Makaniko amene akufuna kutsegula injini asanawerenge kanyaliko, muuzeni ayambe wadikira.